Matani a papepala sadzaza nkhokwe

Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga cha m'munda ndi chimanga cha m'nkhokwe n'zosiyana. Mwezi wa Febuluwale, mmera utabiriwira, bambo amaima pamzere n'kulengeza kuti chaka chino ndi matumba 60. Ikabwera ng'amba ya masabata awiri, kenako mbozi, anyani, chiswe ndi akuba a usiku, pofika Juni mayi atatonola ndi kupeta, matumba amapezeka 38. Banja lanzeru silithamangira kwa sing'anga kukafunsa yemwe wakawa matumba 22 osowawo. Limakhala pansi n'kufufuza komwe apita, kuti chaka chamawa lisadzalonjezenso fizi ya ana atatu podalira chimanga chomwe sichinakhwime.

Migodi nayo ili chimodzimodzi, kungoti munda wake suoneka ndi maso. Masiku ano nkhani ya migodi ili pakamwa pa aliyense m'dziko muno. Kayelekera ku Karonga, Kanyika ku Mzimba, Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, phiri la Songwe ku Phalombe: paliponse akuluakulu akaimirira kuyankhula amatchula matani mamiliyoni, madola mabiliyoni ndi ntchito zikwizikwi. Manja amaombedwa, nthungululu zimamveka, galimoto zimabwerera kutauni. Funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: chaka chikatha, ndani adzatenge pepala la malonjezowo, n'kuliika pambali pa pepala la zomwe zatulukadi, n'kuuza Amalawi kusiyana kwake?

Kufunika kwa funsoli kukuoneka bwino kwa anansi a ku Zambia, m'tauni ya Chililabombwe, kufupi ndi malire a dzikolo ndi Congo. Kumeneko kuli mgodi wa Konkola, womwe udayamba kutulutsa kopa m'chaka cha 1957, panthawiyo ukutchedwa Bancroft. Mwala wa pamgodiwu ndi wonona. Mwa matani 100 alionse a miyala mumakhala kopa wokwana matani atatu kapena kuposerapo, pomwe migodi ikuluikulu yambiri padziko lapansi imakhutira ndi tani imodzi yokha, ina osafika n'komwe.

Vuto n'lakuti gawo lalikulu la chumacho lili pansi kwambiri, kupitirira kilomita imodzi. Maganizo okumba dzenje lakuya lotsikira kumeneko, lomwe ogwira ntchito m'migodi amati shafuti, adayamba kale m'nthawi ya ZCCM, kampani ya boma yomwe inkayendetsa migodi ya dzikolo. Kampani ya Anglo American idatenga mgodiwu m'chaka cha 2000 ili ndi maganizo omwewo, koma pofika 2002 idasamba m'manja n'kunyamuka, mtengo wa kopa utatsika ndipo ndalama za ntchitoyo zitasowa. Mu 2004 kudabwera Vedanta, kampani ya mpondamatiki wa ku India, Anil Agarwal, yomwe idatenga magawo 51 mwa 100 a Konkola Copper Mines. Patapita zaka zinayi magawowo adakwera kufika pa 79.4.

Ndondomeko yake inali yokoma kuimva. Shafuti yachinayi ikumbidwe mpaka mamita pafupifupi 1,500, ndipo miyala yotuluka ku Konkola ikwere kuchoka pa matani 2 miliyoni kufika pa matani 7.5 miliyoni pachaka. Kampani yonse, kuphatikizapo migodi yake ya ku Nchanga m'tauni ya Chingola, inkakamba zofika pa matani 400,000 a kopa pachaka.

Shafutiyo idakumbidwadi, ndipo ndalama zankhaninkhani zidalowa pansi. Koma matani 7.5 miliyoni aja sadayandikidwe n'komwe. M'zaka zomaliza boma la Zambia lisanalowererepo mu 2019, kopa wochokera m'migodi ya kampaniyo sankafika matani 100,000 pachaka. Mwa matumba anayi olonjezedwa, m'nkhokwe mudalowa limodzi, nalonso losadzaza.

Kodi zidalakwika pati? Shafuti ili ngati msewu waukulu wa tala. Ungakhale wotakata bwanji, ngati kulibe timisewu tochokera kumidzi, magalimoto a chimanga sadzaonekamo. Pansi pa nthaka timisewu timeneti ndi ngalande zomwe zimayenera kubooledwa, kuphulitsidwa ndi kuchirikizidwa mita ndi mita kuti anthu ndi makina akafike pomwe pali mwala wabwino. Ntchito imeneyi imadya ndalama lero koma phindu lake limaoneka patapita chaka kapena ziwiri. Kampani ikapanikizika m'thumba, chinthu choyamba kudulidwa chimakhala chimenechi, popeza palibe yemwe amaona chilema chake msanga. Ku Konkola ntchito yotsegula njira zatsopano idatsalira m'mbuyo, ndipo shafuti yatsopano idakhala ngati chigayo chachikulu chodikira makasitomala.

Ndiye pali madzi. Dzina loti Chililabombwe limatanthauza malo olira achule, ndipo makolo omwe adalitcha choncho sadaname. Konkola ndi umodzi mwa migodi yamadzi kwambiri padziko lonse. Tsiku lililonse mapampu amatulutsa malita oposa 350 miliyoni, madzi ochuluka kuposa omwe amagawidwa m'mipopi ya mzinda wonse wa Lilongwe patsiku. Mgodi ukamatulutsa miyala yokwana matani 2 miliyoni pachaka, ndiye kuti pa tani imodzi iliyonse ya mwala pamapopedwa matani a madzi oposa 60. Mapampuwo sapuma, kaya kopa akutuluka kaya ayi, kaya mtengo wake wakwera kaya wagwa, ndipo bilu ya magetsi imabwerabe. Komanso malo atsopano sangakumbidwe madzi ake asanatsitsidwe, ntchito yomwe imatenga zaka. Apa palibe chidule. Ngakhale nduna itakalipa chotani, madzi a pansi pa nthaka samva Chingerezi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe ziwerengero za migodi ya pansi zimaphonyera kawirikawiri, ayenera kudziwa komwe zimachokera. Mgodi usanatsegulidwe, akatswiri a za miyala amaboola timabowo takuya n'kutulutsa timiyala tozungulira tonenepa ngati dzanja la mwana. Bowo lina limakhala pano, lina mamita 50 kapena 100 uko. Timiyalato timapita kulabotale kukayezedwa, ndipo zomwe zili pakati pa mabowo awiri zimangoyerekezedwa ndi masamu pakompyuta. N'chimodzimodzi ndi wogula mtedza yemwe amabaya thumba pamalo atatu n'kunena mtengo wa thumba lonse. Nthawi zambiri amalondola, koma pena pakati pa thumbapo pamakhala mphwephwa zokhazokha. Kusiyana kwake n'kwakuti thumba la mtedza likhoza kukhuthulidwa pamphasa lero lomwe, pomwe thumba la mgodi limakhuthulidwa pang'onopang'ono kwa zaka 20.

Pakati pa pepala la ndondomeko ndi kopa wogulitsidwa pali malo angapo pomwe chuma chimadontha. Mwala wabwino ukamaphulitsidwa, denga ndi makoma a pambali nazo zimagumuka, ndipo miyala yachabechabe imasakanikirana ndi yabwino. Mwala wina wabwino umasiyidwa dala ngati nsanamira zogwira denga, wina umatsalira pamalo pomwe pakhala poopsa kulowapo. Zomwe zafika pamwamba zimapita kufakitale kukaperedwa, ndipo nakonso si kopa yense amagwidwa. Wina amapita ndi matope kudambo lotayirako zinyalala, monga momwe ufa wina umapitira ku gaga pachigayo.

Chitsanzo chabe chikhoza kuthandiza. Ndondomeko ikuti pakumbidwe matani 1,000 a mwala wokhala ndi kopa wokwana matani 30, ndipo fakitale igwire magawo 90 mwa 100, kutanthauza matani 27 a kopa. Tsopano pansi paja denga lavuta. Matani 100 a mwala wabwino atsalira, ndipo matani 200 a miyala yachabe alowerera. Sikelo ya pashafuti ionetsa matani 1,100. Bwana wa shifiti asangalala, wadutsa mlingo, mwina bonasi ilipo. Koma kopa ali m'miyalayo ndi matani 27 okha m'malo mwa 30, ndipo popeza mwala wasukuluka, fakitale ingogwira magawo 85. Pamapeto patuluka matani 23 osakwana bwino. Miyala yachuluka, kopa wachepa ndi matani anayi, ndipo magetsi, mafuta ndi mankhwala zawonongedwa pokweza ndi kupera matani 200 opanda kanthu.

N'chifukwa chake chiwerengero chimodzi sichikwanira. Kampani ikalengeza kuti yakumba matani akutiakuti, yanena theka la nkhani. Alimi a fodya akudziwa bwino zimenezi: kuchuluka kwa mabelo si kanthu ngati giredi yagwa pa okushoni.

Migodi yoyendetsedwa bwino imachita kawuniwuni ameneyu mwezi uliwonse. Oyeza malo amatsika pansi kukayeza kukula kwa dzenje lomwe lakumbidwadi n'kulifananitsa ndi lomwe lidajambulidwa. Pa lamba wonyamula miyala pamakhala sikelo. Zitsanzo za miyala zimatengedwa pansi pomwepo, pa lamba, komanso m'fakitale. Kenako ziwerengero zonse zimaikidwa pamodzi: zomwe akatswiri a miyala adaneneratu, zomwe okumba akuti atumiza, ndi zomwe afakitale akuti alandira. M'migodi ya golide ya ku South Africa, komwe agogo ambiri a m'dziko muno adakhetsera thukuta pa Wenela ndi Theba, kufananitsa kwa zomwe a pansi akuti atumiza ndi zomwe fakitale yapeza kuli ndi dzina lake, mine call factor, ndipo chiwerengerochi chikatsika mabwana samagona tulo. Misonkhano yake si yamasewera. Okumba amaloza chala afakitale kuti akutaya chitsulo, afakitale amati sadachilandire n'komwe, akatswiri a miyala amati onse awiri akunama. Koma mkangano umenewu ndi wabwino, chifukwa ndi momwe vuto limadziwikira likadali laling'ono.

Konkola si yokha. Pafupi pomwepo pali mgodi wa Lubambe, womwe udamangidwa ndi makampani awiri odziwika bwino, Vale ya ku Brazil ndi African Rainbow Minerals ya ku South Africa, pamtengo wa madola pafupifupi 400 miliyoni. Udayamba kutulutsa kopa mu 2012, ndipo ndondomeko inkati uzikumba matani 2.5 miliyoni a miyala ndi kupereka matani 45,000 a kopa pachaka. Nthaka yofooka, madzi ndi kusakanikirana kwa miyala zidasokoneza zonse, moti ngakhale m'zaka zabwino mgodiwo unkangodutsa pang'ono theka la kopa wolonjezedwayo. Mu 2017 makampani awiriwo adagulitsa magawo awo pamtengo wosafika madola 100 miliyoni. Awa sadali anthu ongophunzira ntchito. Adali ndi akatswiri, makompyuta ndi ndalama, koma nthaka idawakana.

Apa m'pofunika chilungamo. Si kupereweza kulikonse komwe kuli kuba. Pali chizolowezi, mgodi ukapanda kufika pamlingo, chothamangira kunena kuti azungu akuzembetsa miyala usiku. Zoterezi zimachitika, ndipo n'chifukwa chake boma liyenera kukhala maso. Koma nthawi zambiri wakuba amakhala denga logumuka, pampu yowonongeka, magetsi othima kaamba ka kuphwa kwa madzi ku Kariba monga zidachitikira mu 2015 ndi 2024, kapena ndondomeko yomwe idakometseredwa dala pachiyambi pofuna kukopa ngongole kubanki. Pena tsiku limodzi lokha limafafaniza ndondomeko ya zaka. Pa 25 Seputembala 1970, matope a m'dambo la zinyalala adabowola nthaka n'kukhuthukira mumgodi wa Mufulira, ndipo anthu 89 adafera pansi. Tsiku limenelo palibe yemwe adafunsa za matani.

Komanso si kudutsa mlingo kulikonse komwe kuli nkhani yabwino. Kampani yofuna kusangalatsa eni masheya, kapena yofuna kugulitsa mgodi, ikhoza kuthamangira malo onona okhaokha, n'kusiya kutsegula njira zatsopano. Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri ziwerengero zimawala. Kenako malo ononawo amatha, njira zopitira kwina kulibe, ndipo mwala wapakatikati womwe ukadapindulitsa utasakanizidwa ndi wonona umatsala wopanda ntchito mpaka kalekale. Ndi khalidwe la mlendo wodya nyama yokha m'mbale n'kusiyira ana msuzi. Munthu wongoyang'ana matani a kopa sangazione zimenezi. Zimaoneka ndi yemwe akufunsanso kuti: chaka chino mwatsegula mamita angati a njira zatsopano, ndipo mudalonjeza angati?

Wina akhoza kunena kuti izi ndi nkhani za mainjiniya ndi eni masheya, sizikukhudza mayi wogulitsa mandasi. Anthu a ku Chililabombwe ndi Chingola angamuyankhe bwino. Chakumapeto kwa 2013 Konkola Copper Mines idalengeza zoti ichotsa antchito oposa 1,500, zomwe zidakwiyitsa mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Michael Sata, mpaka kuopseza zolanda chiphaso cha mgodiwo. M'zaka zotsatira makontirakitala ndi ogulitsa katundu kumgodi adalira ndi ngongole zosalipidwa. Kontirakitala akapanda kulipidwa, antchito ake salandira. Akapanda kulandira, lendi silipidwa, ngongole ya kugolosale imakula, ndipo wogulitsa kapenta pamsika amabwerera kunyumba ndi dengu lodzaza. Matani osowa pansi pa nthaka amakaonekera m'mbale ya mwana.

Mu Meyi 2019 boma la Edgar Lungu lidapita kukhoti n'kuika kampaniyo m'manja mwa munthu woti aiyendetse pokonzekera kuithetsa, ati Vedanta idaphwanya malonjezo ake. Vedanta idakana, n'kunena kuti idaika ndalama zoposa madola 3 biliyoni m'migodiyo. Mlandu udakoka zaka, ndipo m'zaka zimenezo kopa adatsikiratsikira. Boma la Hakainde Hichilema lidagwirizana ndi Vedanta mu 2023, kampaniyo idabwerera mu 2024 italipira madola pafupifupi 250 miliyoni a ngongole za ogulitsa katundu, n'kulonjeza kuikanso biliyoni imodzi ndi kufika pa matani 300,000 pachaka. Lonjezo latsopano, laling'ono kuposa loyamba lija, pamgodi womwewo.

Chomvetsa chisoni pankhaniyi n'chakuti kusiyana kwa malonjezo ndi zenizeni kudaonekera kwa zaka zambiri kusanafike pokhala mlandu. Kukadakhala kuti chaka ndi chaka boma, mabungwe a antchito ndi anthu wamba ankaona poyera mamita a njira zotsegulidwa ndi kuya kwa madzi otsitsidwa, mkangano ukadayamba msanga, ukadali wotheka kuukambirana patebulo. M'malo mwake udadikira mpaka kuphulika.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. N'zoona kuti migodi ikuluikulu yomwe ikukambidwa m'dziko muno ndi yokumba kuchokera pamwamba, ndipo yotereyi ndi yosavutirapo kuiyeza. Ya pansi pa nthaka yomwe Amalawi akuidziwa ndi ya malasha, monga Mchenga ndi Kaziwiziwi m'boma la Rumphi. Koma masamu ake ndi amodzi, ndipo dziko lino lidalawapo kale. Mgodi wa uranium wa Kayelekera, womwe Bingu wa Mutharika adautsegula mu 2009, udamangidwa kuti uzitulutsa mapaundi 3.3 miliyoni pachaka. Pomwe kampani ya Paladin inkauimitsa mu 2014, mtengo wa uranium utagwa kutsatira ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan, udali utatulutsa mapaundi pafupifupi 11 miliyoni m'zaka zisanu. Mgodi watsopano umatenga nthawi kuti ukhazikike, zimenezo n'zomveka. Koma omwe adamanga nyumba za lendi ndi malo ogona alendo ku Karonga ankawerengera zaka zambiri kuposa zisanu, ndipo palibe yemwe adawakhazika pansi kuwauza momwe zinthu zinkayendera.

Ndalama zomwe dziko limapeza pamgodi zimatsatira zomwe zatulukadi, osati zomwe zidanenedwa pamsonkhano. Msonkho wa pamiyala yogulitsidwa, womwe pamgwirizano watsopano wa Kayelekera uli pa magawo asanu mwa 100, umawerengedwa pa zogulitsidwa. Phindu la magawo 15 mwa 100 omwe boma lili nawo mumgodiwo limadalira zomwezo. Nayo ndalama ya chitukuko cha midzi yozungulira mgodi waukulu, yomwe lamulo lidaiika pa 0.45 peresenti ya zogulitsa za pachaka, imakwera ndi kutsika limodzi ndi matani. Choncho mjigo wa m'mudzi, chipinda chophunziriramo ndi denga la chipatala chaching'ono zonse zamangiriridwa ku chiwerengero chomwe anthu a m'mudzimo sachiona.

Chodabwitsa n'chakuti chiwerengerocho si chinsinsi. Makampani ambiri omwe ali ndi ziphaso zikuluzikulu m'dziko muno, monga Lotus, Lindian, Globe ndi Sovereign, adalembetsa pamsika wa masheya wa ku Australia, komwe malamulo amawakakamiza kuuza eni masheya momwe ntchito ikuyendera. Malipoti awo amatuluka miyezi itatu iliyonse ndipo ali pa intaneti. Zotsatira zake n'zakuti mkulu wopuma pantchito ku Perth, yemwe adagula masheya a madola 500, amadziwa zambiri za nthaka ya ku Karonga kuposa gulupu yemwe makolo ake adaikidwa m'nthaka yomweyo. Malipotiwo ali m'Chingerezi cha akatswiri, chomwe ngakhale wa digiri amachiwerenga akukanda m'mutu.

Dziko lino lidalowa m'bungwe loona kuti za migodi zizichitika poyera la EITI mu 2015, ndipo malipoti ake amafananitsa ndalama zomwe kampani ikuti yapereka ndi zomwe boma likuti lalandira. Ndi ntchito yabwino, koma malipotiwo amatuluka mochedwa, chaka chitadutsa kale. Komanso ngati mbali zonse ziwiri zikuwerengera pa matani ndi giredi zomwe kampani yokha yanena, ziwerengero zikhoza kugwirizana bwinobwino popanda wotsimikiza kuti ndi zoona. Wogulitsa chimanga kwa vendala wobwera ndi sikelo yake akudziwa momwe zimathera.

Lamulo la migodi la 2023 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi, ndipo apa ndi pomwe bungweli liyenera kuonetsa mano. Choyamba ndi sikelo ndi labotale zomwe boma lingazikhulupirire, komanso oyeza malo ndi akatswiri a miyala olipidwa bwino moti sangakopeke ndi chakudya chamasana cha kumgodi. Woyendera mgodi yemwe amapita pagalimoto ya kampani, kugona kunyumba ya alendo ya kampani, n'kulandira ziwerengero kuchokera pakompyuta ya kampani, sadayendere kanthu, wangocheza. Achinyamata omwe akuphunzira za migodi m'sukulu za ukachenjede za m'dziko muno alipo, ndipo ntchito yoyamba yowayenera ndi imeneyi.

Kenako mgodi uliwonse waukulu uzitulutsa tsamba limodzi lokha miyezi itatu iliyonse, la mizere iwiri: zomwe zidakonzedwa ndi zomwe zachitika. Palembedwe matani a miyala yokumbidwa, giredi yake, zomwe fakitale yagwira, zomwe zagulitsidwa, chiwerengero cha antchito, ndipo pamgodi wa pansi, mamita a njira zatsopano ndi madzi opopedwa. Pansi pake pakhale ndime imodzi yofotokoza chifukwa chomwe mizere iwiriyo yasiyanira. Tsambalo limasuliridwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chinkhonde kapena Chiyao malinga ndi dera, limatidwe kukhonsolo ndi kwa mfumu yaikulu, ndipo liwerengedwe pawailesi ya m'deralo. Makampani adzati zina mwa izi ndi zinsinsi za malonda. Chomwe chauzidwa kale kwa anthu a ku Perth sichingakhale chinsinsi kwa anthu a ku Kayelekera.

Pali msampha umodzi wofunika kuutchinga. Kampani yochenjera ikaona kuti siifika pamlingo, imatsitsa mlingowo pakati pa chaka, kenako n'kulengeza mu Disembala kuti yakwaniritsa zonse. Kusintha ndondomeko si mlandu, nthaka ikasintha maganizo munthu amatsatira. Koma chiwerengero choyamba, chomwe chidagwiritsidwa ntchito popempha chiphaso, posamutsa anthu ndi popempha kuchotseredwa misonkho, chisafufutidwe. Chizikhala pomwepo pamwamba pa tsamba, chaka ndi chaka, kuti aliyense aziona mtunda womwe wayendedwa kuchoka pa lonjezo.

Nawo aphungu ndi nduna ali ndi mbali yawo. Ziwerengero za m'malipoti oyerekeza zimakoma pamsonkhano wa ndale, koma siziyenera kulowa m'bajeti ya dziko ngati kuti ndi ndalama zomwe zili kale kubanki. Amalawi akukumbukira njala ya 2002, pomwe ziwerengero za zokolola, makamaka chinangwa ndi mbatata, zidaonetsa chakudya chochuluka kuposa chomwe chidali m'midzi, ndipo thandizo lidachedwa anthu akufa. Zambia nayo idadziikira mlingo wa matani 3 miliyoni a kopa pachaka pofika 2031, pomwe mu 2024 idatulutsa matani pafupifupi 820,000. Kulota zazikulu si kulakwa, bola wolotayo asakatenge ngongole poika malotowo ngati chikole.

Chenjezo lomweli lipite kwa mabanja a m'matauni oyandikana ndi migodi. Mphekesera ya mgodi ikangomveka, mitengo ya mapuloti imakwera, ena amagulitsa ng'ombe, ena amalowa katapila kuti amange nyumba za lendi ndi mashopu. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Asanagulitse ng'ombe yomaliza, bambo afunse kaye mafunso omwe banki imafunsa: kodi ndalama zomangira mgodiwo zapezeka kapena zikufunidwabe? Antchito ochuluka omwe akutchulidwawo ndi a nthawi yomanga yokha, kapena adzakhalapo mgodi ukayamba? Nanga miyezi itatu yapitayi kudatuluka zingati poyerekeza ndi zomwe zidanenedwa?

Poyambira palipo kale. Kampani ya Lotus, yomwe idagula Kayelekera mu 2020 n'kuyambiranso kutulutsa uranium mu 2025, idanena poyera kuti cholinga chake ndi mapaundi 2.4 miliyoni pachaka mgodiwo ukakhazikika. Chiwerengero chimenechi chilembedwe pabolodi la kukhonsolo ya Karonga ndi penti yosafufutika, ndipo pambali pake pasiyidwe mpata woti mlembi wa khonsolo azidzazamo ndi choko miyezi itatu iliyonse.